Mlendo Womvetsera Miyala

"Wamukana Kangwa? Mwamuna wa minibasi yakeyake!" amake Tiwo anaomba m'manja. "Chifukwa cha uja womvetsera miyala?"

"Ba Dixon ni munthu wophunzira, amayi. Kangwa anunkha dizilo."

"Dizilo ndiye idyetsa anthu masiku ano. Atate ako nawonso anaphunzira, si awo akuwerenga ntchentche pakhonde?"

 Mtima wa Tiwo unali utanyamuka kale, ndipo sunali wobweza ndi mawu.

Dixon anafika m'Kanyama mwezi wa Juni ndi kampani imene inkafuna kukumba thanki ya madzi pansi pa nthaka. Anzake ankayala mawaya mumsewu n'kumamenya chitsulo ndi chinyundo, iye akuwerenga pa kabokosi momwe thanthwe likuyankhira. Kale ankagwira ntchito yomweyo m'ngalande za pansi pa damu la magetsi. Kumeneko, ankatero, mwala ukatopa umayamba walira usanagwe. Tiwo anali asanamvepo mwamuna akuyankhula za mwala ngati munthu.

Kampani inachoka mu Ogasiti, koma Dixon sanaleke kubwera. Loweruka lililonse ankatulukira ndi kabokosi kake, kupempha kuti ayeze kuseri kwa nyumba ya makolo a Tiwo, kenako n'kukhala pakhonde mutu uli pansi, tiyi akuzizira m'manja. Ankayamba kuti, "Pali mawu amene..." n'kutsazika. Amayi onse a pampopi anagwirizana chimodzi: mwamuna woyeza pakhomo limodzi miyezi itatu sakuyeza nthaka ayi.

Kangwa sanadikire. Pasanathe sabata Tiwo atamukana, anali atatumiza akwawo kukafunsira Felistus, mtsikana wa kuseri kwa msika. Tiwo anangoseka.

Ndipo uthenga unabweradi: Dixon akupempha kuonana ndi eni nyumba Lamlungu, pa nkhani yofunika. Ba Edwell, atate ake a Tiwo, anaitanitsa malume ake a Tiwo ku Matero, navala jekete imene anaipachika tsiku lomwe fakitale inawachotsa ntchito. Nyumbayo, zipinda zinayi za mabuloko, ndi yokhayo imene anatuluka nayo m'zaka makumi awiri za thukuta. Tiwo anaipaka polishi mpaka maondo anatupa.

Dixon anabwera yekha, wopanda nkhoswe.

"Ana a masiku ano," malume anang'ung'udza. "Chabwino, kambani, mwana wanga. Tonse tidziwa chamubweretsani."

Kuseri kwa katani Tiwo anagwira pachifuwa.

"Mudziwa?" Dixon anadzutsa mutu, maso ali ofiira. "Ine nakhala nikuyopa kukamba, ba Edwell, poona mmene munavutikira. Mkazi wanga ndiye wanikakamiza kuti lero nisabwerere nayo nkhaniyi. Pansi pa nyumba ino pali phanga, ndipo thanthwe likung'ambika sabata ndi sabata. Chokani mvula isanagwe."