Fani ya Padenga

"Umuchotse ntchito lero lomwe, Tanveer! Apo ayi, ine pa kamera sindiimapo."

A Bakhtiar, katswiri wa sewero loseketsa la pa kanema ku Karachi, anali atamuloza Nimra, mlembi wa sewerolo, chala pamphuno. Mlandu wake unali chiganizo chimodzi chimene analemba: mkazi wa m'seweromo akuuza mwamuna wake, yemwe ndi a Bakhtiarwo, kuti ali ngati fani ya padenga magetsi atazima, mapiko aakulu koma mphepo ayi.

"Dzulo woyendetsa basi anandikuwa, 'Fani Sahib, bwana Fani, magetsi ayaka?' Kamtsikana ka digiri aka kandisandutsa chiwiya!"

"Komatu anthu ayamba kuonera, Sahib," anatero Tanveer, mkulu wa sewerolo. "Kale mukangotulukira ankasintha tchanelo."

"Tseka pakamwa! Iwe, bweretsa za sabata ino."

Anatsomphola pepala m'manja mwa Nimra n'kuyamba kuwerenga mokweza, monyodola. "'Mwamuna wanga ali ngati sutikesi ya paukwati wathu. Yadzaza pamwamba pa kabati ponse, koma ukaitsegula muli fungo la mankhwala a njenjete basi.'"

Tanveer anaseka. A Bakhtiar sanaseke, anawerenganso chamumtima.

Sutikesiyo inalipodi, yobiriwira, yothyoka chogwirira. Nimra ankaiona Lachisanu lililonse akamamwa tiyi ndi mayi Rukhsana, akazi awo a Bakhtiar, iwo akulankhula, iye kope lili pamwendo.

A Bakhtiar anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Iwe, mkazi wanga wakuuzanso chiyani?"