Bokosi la Munthu Mmodzi

"Kuyambira sabata yamawa muzibweretsa bokosi laling'ono," bambo wina anauza mlimi amene ankabweretsa ndiwo zamasamba zolimidwa popanda mankhwala Lachisanu lililonse. "Mayi akunyumba kuno tinawaika m'manda Lolemba."

Mlimiyo anavula chipewa.

"Pepani, bambo. Komatu limene ndabweretsali ndi laling'ono kale."

Bamboyo anasuzumiramo. Munali kabichi mmodzi, tomato ndi karoti. Mabiringanya, omwe ankawakonda mkazi wake yekha, munalibe.

"Wakuuzani ndani?"

"Mayiwo eni ake. Anandiimbira mwezi watha akuchokera kuchipatala. Anati kuyambira mwezi uno ndizibweretsa la munthu mmodzi, la ndiwo zosavuta kuphika."

Bamboyo anagwira chitseko. Tsikulo ankalikumbuka bwino. Mkazi wake analowa m'nyumba akumwetulira, n'kumuuza kuti, "Adokotala akuti ndachira."