Mchere M'ketulo

Kadzuwa anathira mchere wodzaza dzanja m'ketulo, n'kuwonjezera wina. M'khitchini ya hositelo munali zii, anzake onse ali m'kalasi. Iye anajomba dala. Lero Wamagalasi amayenera kulira.

Dzina lakuti Kadzuwa anam'patsa ndi anyamata akwawo amene anawapeza pasukulupo, chifukwa chitsikire ndege ankangosaka powala dzuwa ngati buluzi. Mzindawo unali wozizira, anthu ake oyenda chothamanga, osadziwa moni. Chilankhulo chawo chinkam'pinda lilime. Basi yopita kusukulu anaidziwa atasochera mpaka kukatsikira kumafakitale. Zonsezi anapirira. Chimene chinam'kanika kumeza ndi nkhani ya tsabola.

Tsiku lonyamuka, mayi ake anam'sokerera njere za tsabola mumpendero wa jekete. Zinali za kamtengo ka kuseri kwa nyumba, kamene ankakathirira ndi madzi otsukira mbale. Semesita isanafike pakati mayiwo anamwalira, ndipo maliro anawaonera pafoni. M'nyumba ya lendi ija munalowa anthu ena, kamtengo kaja n'kukazula. Kadzuwa anasosola mpendero, nafesa njerezo m'chitini cha mkaka pazenera la kukhitchini. Zinamera zitatu. Ziwiri zinapita ndi chisanu. Kambande kotsalako kankaweramira pansi, koma iye ankakapatsa moni m'mawa uliwonse asanatsuke n'komwe m'kamwa.

Wamagalasi anali mtsikana wa chipinda choyang'anana ndi chake, mwana wa mumzindamo, wophunzira za zomera. Mano ake palibe amene anawaonapo. Tsiku lina anaima pazenera, nasuzumira m'chitini muja, n'kupukusa mutu.

"Pagalasi pano sipokhala mbewu," anatero.

Mawa lake Kadzuwa anapeza chitini chija chitatsukidwa, chili chovundikira pasinki. M'bini munali mbee, a zinyalala anali atadutsa kale. Wamagalasi anali pomwepo, akuchotsa dothi m'zikhadabo.

"Tamvera kaye, mnzanga..."

Kadzuwa sanamvere. Anamenyetsa chitseko mpaka chithunzi cha pakhoma chinapendekeka. Kuyambira pamenepo, akangoona magalasi aja akubwera, ankatseka makutu ndi timawaya ta nyimbo. Ankamuda mtsikanayo ndi mtima wonse, ndipo chidanicho chinkam'funditsa kuposa bulangete.

Chimene chinkam'baya kwambiri n'chakuti wotaya mbewu za eniyo anali ndi zake. Miphika yake inkakhala m'kolido, pafupi ndi chotenthetsera, pansi pa nyale yofiirira. Umodzi unali wovekedwa pulasitiki yoyera, yochita thukuta m'kati, ndipo umenewo ndiye unali mwana wapamtima. M'mawa kuusuzumira, masana kuutembenuza, madzulo kuupima ndi kachitsulo. Kadzuwa sanachite kufunsa. Imeneyo inali ntchito ya mayeso omaliza, yomwe Wamagalasi ankayembekezera kuti im'patse digiri. Chabwino. Nayenso alawe kukoma kwa kudzuka n'kupeza palibe.

Ketulo inabwata. Anaisiya kuti izizireko, kuopa kuti nthunzi ingamuulule. Anayenda chonyang'ama m'kolido, nagwada, n'kukweza pang'ono m'mphepete mwa pulasitiki, pongokwana mlomo wa ketulo. Dothi linamwa mwaulemu, osatsala ndi dontho. Kadzuwa anatsuka ketulo, naphika tiyi, ndipo tiyi wa tsiku limenelo anakoma ngati wa kunyumba.

Masiku otsatira anali a chikondwerero. Ankasiya chitseko chake chotsegula pang'ono kuti asaphonye kanthu. Anaona Wamagalasi akulowetsa mutu m'pulasitiki n'kutuluka nkhope itagwa. Anamuona akusuntha nyale, akusintha madzi, akuimbira foni aphunzitsi ake. Tsiku lina mphikawo anaunyamula m'jekete kupita nawo ku labu, n'kubwera nawo madzulo maso ali psuu.

Kadzuwa anayamba kudya bwino. M'kalasi anakweza dzanja koyamba. Ngakhale mayi wogulitsa buledi pakona, Kadzuwa anam'patsa moni m'chilankhulo chawo, osalakwitsa ndi pang'ono pomwe.

"Mwazolowera tsopano, achemwali," anatero mmodzi wa anyamata akwawo aja atakumana naye pamasitepe. "Mpaka kuimba mluzu? Kapena mwapeza wina wakuno?"

"Ndapeza mtendere, achimwene," anayankha.

Loweruka masana kunamveka kugogoda. Kadzuwa anadziwa kuti ndi ndani. Anadziyang'ana pagalasi, nakonza nkhope ya munthu wosadziwa kanthu. Mawu anali atawakonza kale. Akangoti "mbewu yanga yafa," iye adzayankha modekha kuti, "M'kolido muno simokhala mbewu." Anawabwereza chamumtima kuti atuluke bwino, kenako anatsegula.

Wamagalasi anaima pakhomo atakumbatira mphika uja, magalasi ali m'manja, misozi ili chuchuchu. Kadzuwa anachita kudziluma mlomo kuti asaseke.

"Ndalephera," anatero mtsikanayo. "Ndayesa zonse zimene ndinaphunzira, koma mizu yapsa. Sindikudziwa chimene ndalakwitsa."

"Pepa," anatero Kadzuwa, mtima ukuvina. "Ndiye mayeso aja bwanji?"

"Mayeso ati?"

Wamagalasi anavula pulasitiki ija pang'onopang'ono. Masamba anali atapiringizika, akuda m'mphepete, ndipo pakati pake panalendewera timaluwa toyera titafota.

"Ndi tsabola wako uja. Pazenera paja sakanafika mawa, ndiye ndinamuokera muno. Ndimafuna ndikubwezere atabereka."