Yemwe Anameta Thonje

Aphunzitsi atatsegula chitseko masana aja, Thonje sanabwere kudzawachingamira. Zimenezo zinali zachilendo. Mphaka ameneyu, wa mtundu wa Ragdoll, ankalondola munthu ngati mwana woyamba kuyenda: kuchipinda, kukhitchini, mpaka pakhomo la bafa. Ukamunyamula ankangolefuka m'manja ngati thaulo lonyowa, maso ake abuluu ali phethiphethi. Panja sankamutulutsa, poti ndewu sankaidziwa. Galu akanamupeza, Thonje akanangomugonera chagada.

Mwini wake weniweni anali mwana wawo wamkazi. Popita kusukulu yogonera komweko anasiya lamulo limodzi: "Amayi, muzimupesa. Mukadumphitsa, ubweya umapotana." Ndipo ankamupesadi madzulo aliwonse, ngakhale makope a ana a sukulu ataunjikana patebulo. Amuna awo, dalaivala wa maulendo ataliatali, ankaseka kuti m'nyumba muno wolemekezeka ndi mphaka, iwo ndi alendo chabe.

Aphunzitsi anamupeza Thonje kunsi kwa sofa. Atamukoka, chikwama chinawapulumuka m'manja.

Ubweya wa mbali yonse yakumanzere unali utapita. Kuyambira paphewa mpaka kumbuyo kunali zigambazigamba, khungu lofiira lili pamtunda. Mchira uja, umene alendo ankaujambula pafoni, unatsala ngati chingwe cha nsapato. Thonje analira kamodzi, motsitsa, n'kubisa mutu m'khwapa mwawo.

Panalibe chofunsira munthu. Kiyi wina wa nyumbayo ankakhala kwa Atelala a khomo loyandikana ndi lawo, kuyambira kale ali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo. Ubwenziwo unazilala chifukwa cha ubweya womwewu. Makomo awiriwa ankayanika pachingwe chimodzi, ndipo mabulangete a Aphunzitsi ankasiya ubweya woyera pamasuti akuda a makasitomala. Sabata yathayo Atelala anali atalankhula anthu akumva, uku akukutumula jekete.

"Pilo wanu woyendayu, tsiku lina ndidzamumeta mpala!"

Anthu anaseka. Aphunzitsi sanaseke.

Anamugoneka Thonje pasofa n'kutuluka. Chitseko cha Atelala chinali chongobweza, eni ake kulibe. Patebulo la makina panali sizasi yaikulu ija ya zogwirira zakuda, ubweya woyera utakakamira m'kamwa mwake. Ngakhale kupukuta komwe, munthuyo sanavutike nako.

Aphunzitsi anaima pafupi ndi tebulolo. Anaganiza zodikira kuti alalatirane, koma pakamwa Atelala analibe mnzawo. Akanawagonjetsa anthu akuonerera. Anaganiza zopita kupolisi, n'kuwaona kale apolisi akugwira nthiti ndi nkhani ya mphaka wometedwa. Potembenuka kuti azituluka, maso awo anagwera pa diresi.

Inali itavekedwa pachidole choyezera zovala pakona, yoyera mbee, ya ukwati wa Loweruka lomwelo. Atelala anali ataivutikira mwezi wathunthu, mikanda akuisokerera umodziumodzi ndi dzanja mpaka maso kufiira. Aliyense wodutsa ankamuitana kuti aione. Ankati diresi imeneyi ndiyo idzawatulutse m'kachipinda kameneka n'kuwapezera shopu ya m'mbali mwa msewu.

Aphunzitsi anabwerera kwawo. M'kabati munali botolo la jivi, mankhwala apepo opaka pazilonda aja, losatsegula n'komwe. Sanathamange. Anaima patsogolo pa chidolecho, natsegula botolo modekha ngati akufuna kuchonga mayeso. Anayambira pakhosi, n'kutsikira pachifuwa, mpaka m'chiuno. Utotowo unayenderera pakati pa mikanda, nsalu n'kumaumwa mwaludzu. Madontho otsala anawazira velo imene inapachikidwa pamsomali.

"Walira wanga," anatero chamumtima, "wanu alirenso."

Kunyumba anakhala pasofa, Thonje ali pamiyendo, akumusisita mbali yotsala ndi ubweyayo. Mtima unali utatsika. Ankadikira mkuwo wa kuseri kwa khoma, ndipo yankho anali atalikonza kale, lalifupi, loti alinene ataimirira pakhomo anthu onse akumva. Mwana wawo akadzabwera patchuthi adzalira ndithu, komabe adzamva kuti mayi ake sanakhale manja lende.

Mapazi anamveka pakhonde, ofulumira. Sanakhotere kukhomo la Atelala. Anabwera molunjika kwawo.

Atelala analowa osadikira kuyankhidwa, ali wefuwefu, thukuta kamukamu, m'manja muli botolo la mafuta ophikira.

"Mwafika, anzanga? Foni yanu ndaimba mpaka kutopa, yozimitsa. Mametedwewo musawaone, ndinalibe nthawi yokongoletsa. Ndinamva kulira, n'kumupeza atamatirira pa guluu wa makoswe amene abambo anatchera kuseri kwa furiji, mphuno itatsala pang'ono kutsekeka. Gwirani miyendoyi timuchotse wotsala m'zalamu ndi mafutawa, tifulumire, mkwatibwi ali m'njira kudzayesa diresi."

Aphunzitsi analowetsa zala zawo zapepo kunsi kwa mphaka.