Kamayifayi ka ku Makanjira

"Tikufuna kamayifayi, kachipangizo ka intaneti kaja, kogwira paliponse, ngakhale pa lole ya ku Makanjira," anatero Elsie, atagwira mwamuna wake Arthur pamkono ngati angathawe. "Abambowa akapita uko kukagwira ntchito amasowa sabata yathunthu, ati netiweki kulibe."

Rahma, mwini sitolo, anaika tiwiri pa kauntala. "Kakudaka kamagwira mpaka pakati pa nyanja, amayi. Koyeraka mukangodutsa Malindi kamagona tulo."

Foni ya Elsie inalira ndipo anatuluka kukayankha. Arthur anaweramira pa kauntala msangamsanga. Ku Makanjira kunali Safia, chibwenzi chake chamseri, komanso khonde lina losayenera kuoneka Elsie akamuimbira foni ya vidiyo.

"Chemwali, akabwera muwauze kuti kamphamvu ndi koyeraka," ananong'ona.

"Wallahi, bodza ine ayi, achimwene. Dzinenereni nokha."

Elsie atalowanso, Arthur analankhula ngati ali pa msonkhano wa alimi. Koyerako batire lake ndi lokhalitsa, n'kopepuka m'thumba, ndipo zinthu zakuda zimatentha ndi dzuwa la ku Mangochi.

Elsie anamvetsera mpaka kumapeto, akugwedeza mutu.

"Mwanena zoona, bambo a Gilford. Titenge koyeraka. Poti uko sikagwira, ndiwaimbira amayi adzakhale ndi ana, ine ndinyamuke nanu Lolemba. Tizikangolankhulana pamaso."

Rahma anayamba kukulunga koyerako mosafulumira. Arthur analoza kakuda kaja.

"Chemwali, taimani kaye. Kakuda kaja mwati kamagwira mpaka pati?"