Kalata ya Bibisora

"Sindisayina," anatero Shahlo, n'kukankha mapepala ovomereza buku mpaka tiyi wa bwana kutayikira patebulo.

Bwana Mahkam, mkulu wa nyumba yosungira zolemba zakale, anagwira mutu. Buku la makalata akale a mumzinda wa Kokand, lomwe Shahlo anali mkonzi wake, limayenera kupita kosindikiza Lachisanu, ndipo pulani yawo inali yachidule: kukopera buku lomwe a Domla Ergash anatulutsa mu 1974, kusintha chikuto, basi dilu yatheka. Eni akewo, madala a zaka 81, anali phee pakona, akunyika buledi mu tiyi ngati nkhaniyo ndi ya ena.

Vuto linali kalata nambala 40. Mayi wina wamasiye, Bibisora, analembera woweruza mu 1911 kudandaula kuti mlamu wake wamutsekera ngalande ya madzi a kumunda. Koma mawu akewo, eeh! Osalala, oyenda bwino, ngati a munthu woti mabuku anachita kudya.

Shahlo ankawadziwa akonzi akale. Akapeza kalata yokhotakhota ankaiwongola, kuidzoza mafuta, kuika mawu awo m'kamwa mwa akufa, osasiya olo kachizindikiro koti apa tagwirapo. Masiku ano zimenezo ayi. Chomwe chili papepala ndi chomwe umasindikiza, ndi zolakwika zomwe. Ukafuna kuyankhula iweyo, umakayankhulira m'munsi mwa tsamba.

"Mayi wolima thonje angalembe chonchi? Mesa awa ndi mawu anu, a Domla? Munthu wa khasu mwamuveka suti."

"Iwe mtsikana, ulemu!" anakalipa bwana. "Dipuloma yakoyo inki yake sinaume n'komwe."

"Isaume. Ine ndikufuna pepala lenilenilo."

A Domla sanadzutse mutu. Kwa Shahlo umenewo unali umboni wokwanira.

"Chabwino," anatero bwana. "Fayilo ya kalatayo tiitanitsa. Ikafanana ndi buku la a Domla, dzina lako lichoka pachikuto, ndipo Lolemba usadzaponde muno."

Zaka ziwiri Shahlo ali pabukuli, zaka za fumbi ndi chimfine chosatha. Mayi ake anali atauza kale mzere wonse wa nyumba kwawo kuti mwana akutulutsa buku, mpaka wogulitsa mavwende pamsika akudziwa. Koma pakamwa panatuluka zina.

"Shuwa. Itanitsani."

Fayilo inakwera kuchokera kuchipinda chapansi itadutsa thuu koloko, yomangidwa ndi kachingwe kotuwa. Pepala lachikasu, lopyapyala, zilembo zakale zachiarabu. Shahlo anaika buku kumanzere, pepala kumanja, chala uku chala uku.

Mzere woyamba, chimodzimodzi.

Wachiwiri, chimodzimodzi. Bwana anapinda manja n'kumamwetulira ngati wawina kale.

Wachitatu.

"Apa! Apa pasinthidwa!" Shahlo anadumpha, mpando kugwa. "Apanso! Ndi apa! Bwana, magalasi anu ali kuti? Bwerani muone nokha!"

Anatulutsa foni, thwa thwa thwa, zithunzi zitatu, kuopa kuti mawa wina angati fayilo yasowa. Nkhope ya bwana inagwa. Ntchito yapulumuka, dzina lili pachikuto, koma Shahlo sanafune kulekera pomwepo. Madalawa amve ndi makutu awo mmene mayi wakumudzi amayankhulira asanapakidwe mafuta.

"Mvetserani, a Domla, mawu enieni omwe munachita nawo manyazi."

Anayamba kuwerenga mokweza, mutu m'mwamba. Mzere umodzi, iwiri. Kenako mawu anayamba kutsika okha. Papepalapo Bibisora ankatchula lamulo la madzi, buku lake ndi mutu wake womwe, n'kumaliza ndi ndakatulo ya Chiperisiya yomuseka woweruzayo, zinthu zomwe m'buku la 1974 munalibe.

"Sindinakongoletse, mwana wanga, ndinachita kuchepetsa," anatero a Domla. "Akuluakulu a boma a nthawi imeneyo sankafuna kumva zoti mkazi wakumudzi ankadziwa mabuku iwo asanabwere ndi masukulu awo. Zaka makumi asanu ndikudikira wamakani woti atsegule fayiloyo. Sindikiza zonse."