Laibulale Yachitatu

Zinthu ziwiri zinayenera kuchoka tsiku limenelo: laibulale yachitatu pa kompyuta, ndi apongozi kunyumba. A Sopo anali atagamula kale milandu yonse iwiri.

Dzina la Sopo anawapatsa ndi anzawo a pafakitale ya madzi a m'mabotolo, chifukwa mkuluyu akakugwira chanza ankapita kukasamba m'manja iwe ukuona. Ntchito yawo inali yokonza webusaiti ya kampaniyo. Bwana ankafuna tsamba loonetsa makasitomala, pa galafu, kuti madzi awo ndi oyera. Makina a m'fakitale ankayeza litsiro m'madzi mphindi iliyonse, ndipo manambala a miyezi itatu anali mu fayilo imodzi. Chotsala chinali kusankha laibulale yojambulira, kunena kwake khodi ya kompyuta yaulere yolembedwa kale ndi anthu ena, imene umangoipatsa manambala iyo n'kukujambulira galafu. A Sopo anali ndi zitatu zoti ayerekeze.

Yoyamba inatulutsa mzere wosalala bwino m'kuphethira kwa diso. Yachiwiri chimodzimodzi, n'kuwonjezera mtundu wabuluu woti ukauona ludzu likugwire. Eni ake a ziwirizi ankadzitama poyera kuti manambala akachuluka amawaunjika m'magulu n'kutengapo apakatikati, kuti tsamba lisamachedwe. Nzeru zake zimenezo! A Sopo anagwedeza mutu, n'kupsontha madzi m'botolo lawo la pepala lopotoka. Mabotolo otere sankagulitsidwa. Anali oyamba kutuluka Lolemba m'mawa, makina omata mapepala asanakhazikike, ndiye kampani inkangogawira antchito, aliyense kireti yake yopita nayo kunyumba.

Koma yachitatuyo, abale inu! Kuchedwa kwake ngati mwana wowerenga ndi zala, nambala iliyonse payokhapayokha. Mitundu yake yotuwa mbuu. Khodi yake ukaitsegula, zolemba zili mbwee, palibe ndi mzere umodzi wofotokoza chimene ukuchita. Chimene chinawanyansa kwambiri chinali galafu yeniyeniyo: mzere unkayenda bwinobwino, kenako mwadzidzidzi munga wautali njo! mpaka pamwamba pa sikirini. Anaiwerenga mingayo. Inali khumi ndi itatu, yotalikirana mofanana ndendende.

A Sopo anatsonya. Litsiro lenileni liyenda ndi kalendala? Apa panalibe chofunsa, khodiyo inali yowola basi. Anaipidwa kungoganiza kuti pali munthu kwinakwake amene anaika uve woterewu pa intaneti, osachita nawo manyazi.

Foni inalira. Anali akazi awo.

"Bambo a mwana, mwanayu wayambanso kutsegula m'mimba. Aka n'kachitatu kuyambira m'mawa."

Mwanayo anali wa miyezi isanu ndipo ankamwa mkaka wa m'chitini. Apongozi anabwera kudzathandiza kulera, ndipo chibwerereni chawo kamwanako sikanapezepo bwino sabata yathunthu.

"Ndinanena ine," anatero a Sopo. "Manja a mayi anu aja. Ndinawaona ndi maso angawa akumupukuta pakamwa ndi nsonga ya nsalu yawo. Asa!"

"Mayi amasamba m'manja mpaka khungu kutuwa, poopa inuyo."

"Nanga mkaka mukusungunulira madzi ati?"

"A kuntchito kwanu. Si munaletsa a pampopi? Munatinso anuwo n'ngosafunika kuwiritsa."

"Ndiye vuto mwaliona nokha. Auzeni alongedze, madzulo ano ndikawakweza basi."

Foni inaduka. A Sopo sanadandaule. Mwana ndi wawo, ndipo sakanalola kuti afe chifukwa choopa kukhumudwitsa munthu wamkulu. Anatsira mankhwala m'manja, n'kupukutanso foniyo.

Mlandu umodzi unali utatha. Wachiwiriwo sanafune kungoufufuta mwakachetechete. Kwa anthu a khodi zaulere, ukapeza cholakwika umakalemba pa tsamba la eni ake kuti dziko lonse lione, ndipo a Sopo anali ndi mawu okwanira. Analemba kuti laibulaleyo ndi dzala. Analemba kuti imapeka minga pamene palibe, moti ikanaipitsa dzina la kampani yaukhondo. Analemba kuti ziwiri zina zajambula manambala omwewo popanda chilema, ndipo woilembayo akafune ntchito ina. Atawerenganso, anakhutira. Anamwanso madzi.

Tsambalo linakana kutumiza. Linkafuna kaye mizere ingapo ya manambala enieniwo, yosonyeza pamene galafu yanama.

"Zinthu zake zonse n'zovuta," anadandaula.

Fayiloyo anali asanaitsegulepo chiilandirireni. Aitsegulirenji, mizere yoposa zikwi zana limodzi? Koma lero, pofuna kumumaliza munthu wauveyo, anaitsegula. Manambala anali aang'onoang'ono, ofanana, tsamba ndi tsamba. Anatsetsereka kufuna tsiku la munga woyamba, chala chili chokonzeka kukopera.

Chalacho chinaima m'malere. Kwa theka la ola, manambala anali okwera zedi, mlingo wololedwa kuuchulukitsa ka makumi anayi: Lolemba, sikisi koloko m'mawa. Munga wachiwiri, Lolemba. Wachitatu, Lolemba.

Botolo la pepala lopotoka linali litatsala madzi a pansi okha pamene uthenga wa akazi awo unalowa pa foni: "Mayi alongedza. Mwana ndamusungunulira mkaka wina, akumwa."